Sikelo Yoyezera Fungo

Munthu akamadula anyezi, misozi imayamba kutsika asanamalize n'komwe. Palibe chamugwera m'maso. Anyezi ali m'mbale, maso ali kumtunda, pakati pali mpweya wokha. Koma maso salira popanda chifukwa. Pali kanthu kamene kanyamuka pa anyeziyo, kayenda mumpweya mpaka kukafika m'diso, ndipo kanthuko kali ndi dzina, kapangidwe kake komanso kulemera kwake. Pa sikelo imene tikambirane m'danga lino mwezi uno, kamalemera 90.

Ambirife fungo timaliona ngati mthunzi, chinthu chimene chilipo koma chopanda thupi. Pa Eksodo 30, Mose anapatsidwa miyezo ya zonunkhira za mafuta odzozera a m'chihema: mure masekeli 500, sinamoni masekeli 250, ndi zina. Zimene ankaika pa sikelo ndi utomoni ndi makungwa. Fungo lenilenilo panalibe munthu amene akanaliyeza. Lero likuyezedwa m'kanthawi kochepa, ndipo manambala amene akutuluka akukhudza khitchini yanu, chipinda chimene mwana wanu amagona, ndi mpweya wotuluka m'kamwa mwa wodwala shuga wa pakhomo panu.

Fungo lililonse ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene asayansi amatitcha mamolekyu, tochoka pa chinthu n'kulowa mumpweya. Zinthu zouluka mosavuta chonchi, zokhala ndi kaboni m'kapangidwe kake, amazitcha mwachidule kuti VOC. Petulo, palafini, penti, guluu wa nsapato, polishi wa pansi, perefyumu, khungu la lalanje, masamba a bulugamu, zonsezi zimatulutsa ma VOC. Ena alibe vuto, ena amawononga chiwindi, ena amayambitsa khansa. Mphuno siisiyanitsa bwino zimenezi. Benzene, yemwe amayambitsa khansa ya m'magazi, fungo lake n'lotsekemera ndithu.

Makina oyeza kulemera kwa tizidutswati dzina lake ndi mass spectrometer. Si atsopano. J. J. Thomson wa ku Cambridge anasonyeza mfundo yake m'chaka cha 1913, ndipo mnzake wa ntchito, Francis Aston, anapanga makina oyamba odalirika mu 1919 n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1922. Pa sikelo imeneyi, atomu ya hydrogen, yopepuka kuposa zonse, imalemera 1. Kachidutswa ka madzi kamalemera 18, ka benzene 78, ka chikonga cha mufodya 162.

Kachidutswa kamene kalibe mphamvu ya magetsi sikayezeka. Kali ngati mbuzi yopanda chingwe: mukuiona koma simungaikokere kukhola. Choncho ntchito yoyamba ndi kumangirira kachidutswa kalikonse mphamvu ya magetsi. Kakamangidwa, makina amakakoka n'kukalowetsa m'paipi yochotsedwa mpweya, kenako amakankha tizidutswa tonse ndi mphamvu yofanana. Amene anagwirapo legeni akudziwa kuti mukakoka mofanana, kamwala kakang'ono kamathamanga kuposa mwala waukulu. Mumtundu wina wa makinawa ndi chimodzimodzi. Topepuka timafika kumapeto kwa paipi msanga, tolemera timafika pambuyo, ndipo kompyuta imawerengera kulemera kwa kalikonse poona nthawi imene katenga.

Kwa zaka zambiri, kumangirira kumeneku kunkachitikira m'kati mwa makina, ndipo chinthu chofuna kuyezedwa chinkafunika kukonzedwa kaye: kuchipera, kuchisungunula m'mankhwala, kuchisefa, kenako kuchidutsitsa m'kapaipi kopyapyala kozungulizidwa, kotalika pafupifupi mamita 30, kamene kamalekanitsa tizidutswa mtundu ndi mtundu. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito, ndipo muona kutsogoloku kuti pali zimene imachita bwino kuposa yatsopano. Koma imadya nthawi, theka la ola kapena ola lathunthu pa chinthu chimodzi, ndipo tizidutswa tosachedwa kusintha timakhala titasintha kale.

Moto wosatentha

Kusintha kunabwera ndi plasma. Iyi si plasma ya m'magazi imene amanena kuchipatala. Mawu ndi amodzi koma zinthu n'zosiyana. Mpweya ukadutsidwa magetsi amphamvu, maatomu ake ena amatayako timagawo tawo ta magetsi, mpweyawo n'kuyamba kuwala. Umenewo ndiwo plasma. Mphezi ndi plasma, dzuwa ndi plasma, kuwala kothobwa m'maso kwa wowotcherera zitsulo ndi plasma, ngakhalenso kuwala kwa m'mababu aatali aja a m'makalasi. Dzinali analipereka ndi Irving Langmuir wa ku America mu 1928.

M'chaka cha 2005, Robert Cody ndi James Laramée anafalitsa njira yotchedwa DART. Mpweya wa helium umadutsa pa singano yokhala ndi magetsi a mavoti masauzande angapo n'kusanduka plasma. Ukamatuluka pa kamlomo ka chipangizocho umakhala utanyamula mphamvu yochuluka. Umawomba chinyezi cha mumpweya wa m'chipindamo, chinyezicho n'kutenga mphamvu ya magetsi, ndipo chikakumana ndi kachidutswa ka fungo chimakapatsira mphamvuyo. Mphatsoyo imalemera 1. N'chifukwa chake kanthu ka anyezi kolemera 90 kaja kamaoneka pa kompyuta ngati 91. Zonsezi zimachitikira panja pa makina, pampata wa zala zochepa pakati pa kamlomo ka DART ndi khomo la mass spectrometer. Mumangotenga tsamba, piritsi, nsalu kapena ndalama ya pepala n'kuika pampatapo, yankho n'kutuluka nthawi yomweyo.

Mitundu ina inatsatira. Mu 2008, gulu la Graham Cooks pa yunivesite ya Purdue linapanga kapaipi ka galasi kotulutsa plasma yozizira, yofunda madigiri pafupifupi 30, moti mungailoze pa chala cha munthu osamuwotcha. Anaigwiritsadi ntchito kupeza mankhwala ozunguza bongo pakhungu. Mfundo ya kapaipi kameneka ndi yakale kwambiri: Werner von Siemens anaigwiritsa ntchito mu 1857 popanga mpweya wa ozone. Dzina la ozone mulisunge, libweranso tikafika m'nyumba.

Imodzi mwa ntchito zoyamba za DART inali yokhudza malungo. Mu 2006, Facundo Fernández wa ku Georgia Tech ndi anzake anayeza mapiritsi a artesunate ogulidwa m'maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kumene mankhwala achinyengo anali atasefukira. Piritsi lenileni limaonetsa nambala ya artesunate. Achinyengo ambiri analibe nambalayo, ndipo mwa ena munapezeka paracetamol, yemwe amatsitsa kutentha kwa thupi tizilombo ta malungo tikupitiriza kuswana. Piritsi lonama lingafanane ndi lenileni maonekedwe, mtundu ndi paketi, koma kulemera kwa tizidutswa take sikunganamize.

Adyo wa m'khitchini

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya adyo. Adyo wathunthu sanunkha kwenikweni. Fungo limabuka mukamudula kapena kumusinja. M'kati mwake muli zinthu ziwiri zosungidwa m'tizipinda tosiyana, china chotchedwa alliin, china alliinase. Mpeni kapena musi ukaswa tizipindato, ziwirizi zimakumana n'kupanga allicin, mwini fungo la adyo. Asayansi ankadziwa kuti pakati pa alliin ndi allicin payenera kukhala kanthu kena kongodutsa, koma kankazimirira asanakagwire. Mu 2010, Eric Block wa pa yunivesite ya ku Albany, mogwirizana ndi Cody uja, anaphwanya adyo pampata wa DART pomwepo n'kukaona kanthuko. Moyo wake sukwana n'sekondi imodzi yomwe. Ndi njira yomweyo anaonanso kanthu koliza maso ka anyezi.

Kwa wophika, nkhaniyi ili ndi phindu. Alliinase amafa ndi moto. Mukaponya adyo wathunthu m'mphika wowira, allicin sapangika. Sinjani kaye, musiye mphindi 10, kenako muthire chakumapeto kwa kuphika. Ndinenenso, popeza m'mipingo yathu adyo amatamandidwa nthawi zina kupitirira muyezo: adyo ndi chakudya chabwino, koma salowa m'malo mwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a TB.

Mwaonanso kuti munthu akadya adyo, fungo silichoka ngakhale atsuke mano kawiri. Chifukwa chake n'chakuti fungolo silili m'kamwa. China mwa zotsalira za adyo chimalowa m'magazi, magazi amachifikitsa m'mapapo, mapapo n'kuchitulutsa ndi mpweya kwa maola ambiri. Zimene zili m'magazi, ngati zili zouluka, zimatulukira m'mpweya wopuma. Pa mfundo imeneyi m'pamene pagona chiyembekezo chonse cha madokotala pa makinawa.

Zimene mpweya wa munthu umanena

Mu 1971, Linus Pauling ndi anzake anapeza zinthu pafupifupi 250 mumpweya wotuluka m'kamwa mwa munthu, ndipo kuchokera pamenepo chiwerengerocho chakula. Chimodzi chimene banja lililonse lokhala ndi wodwala shuga liyenera kuchidziwa ndi acetone, wolemera 58, yemwe ndi mankhwala omwe aja ochotsera penti wa m'zikhadabo. Thupi limapanga acetone likamatentha mafuta m'malo mwa shuga. Pang'ono amapezeka mwa tonsefe, ndipo amakwera tikasala kudya. Koma wodwala shuga akasowa insulin m'thupi, mafuta amatenthedwa mopitirira, magazi amasanduka owawasa, ndipo mpweya wake umamveka ngati zipatso zopsa kwambiri kapena ngati mankhwala a zikhadabo aja.

Fungo limeneli likabwera pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, m'mimba kupweteka, kupuma mozama ndi mofulumira, kapena kuwodzera kosadziwika bwino, musadikire kuti kuche. Pempherani muli m'njira yopita kuchipatala. Mwa ana, matenda a shuga kawirikawiri amadziwikira pamenepa koyamba, makolo akuganiza kuti ndi malungo. Si aliyense amene mphuno yake imamva acetone, choncho kusamva fungo si umboni woti zinthu zili bwino. Ndipo amene amabaya insulin asalowe m'masiku osala kudya a mpingo, kapena kusiya jakisoni chifukwa sakudya, asanakambirane ndi dokotala wawo.

Nthawi zina mphuno ya m'banja imatsogolera sayansi. Joy Milne, namwino wa ku Scotland, anamva kuti fungo la mwamuna wake Les lasintha zaka zoposa 10 madokotala asanamupeze ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja. Ofufuza a ku Edinburgh anamupatsa malaya 12, asanu ndi limodzi a odwala, ena a anthu oyesedwa abwino. Analondola 11. Mwini malaya amene ankati walakwitsa anapezeka ndi matendawo patatha miyezi 8. Gulu la Perdita Barran ku Manchester linatsatira fungolo m'mafuta a pakhungu, ndipo mu 2022 linafalitsa njira yoyezera kathonje kopukutidwa pamsana m'mphindi zitatu. Njira yawo siigwiritsa ntchito plasma, koma ndi ya banja lomwelo loyezera zinthu panja pa makina.

Nyama nazonso zachitira umboni kuti matenda ali ndi fungo. Agalu awiri ophunzitsidwa ku Britain ananunkhiza masokosi amene ana a sukulu a ku Gambia anagona atavala, ndipo anazindikira ana 70 mwa 100 alionse amene anali ndi tizilombo ta malungo. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limagwiritsa ntchito abwampini kununkhiza makhololo. Bwampini mmodzi amamaliza zitsanzo 100 m'mphindi pafupifupi 20, ndipo zimene waloza zimakayezedwanso mulabotale. Nyama imene Levitiko 11 satilola kuika m'mbale yapulumutsa odwala TB amene maikulosikopu inawaphonya.

Ana 35 a ku Lilongwe

Kafukufuku wina wofunika pa nkhaniyi anachitikira ku Lilongwe. Gulu la Audrey Odom John la pa Washington University ku St. Louis linatenga mpweya wa ana 35 amene anabwera kuchipatala thupi likutentha, ena ali ndi malungo, ena alibe. Mwana aliyense anauzira mpweya m'thumba, mpweyawo unakodwa m'timapaipi, timapaipito n'kutumizidwa ku America. Zotsatira zinafalitsidwa mu 2018. Zinthu 6 za mumpweyawo, zikaphatikizidwa, zinasiyanitsa ana a malungo ndi anzawo molondola ka 83 pa 100. Anapezanso kuti ana a malungo anali ndi zinthu ziwiri zochulukirapo, alpha-pinene ndi 3-carene, zimene zomera zimatulutsa ndipo udzudzu umakopeka nazo. Zikuoneka ngati tizilombo ta malungo timasintha fungo la mwana kuti udzudzu ubwere kudzatinyamula.

Munthu akamva zimenezi amati, bwanji osangoika makina a plasma pachipatala, mwana auzirepo, yankho lituluke popanda kumubaya chala? Apa m'pamene sikelo yathu imaonetsa malire ake. Chikonga cha mufodya ndi allicin wa mu adyo onse amalemera 162. Makina abwino amawasiyanitsa, chifukwa akayezetsetsa, chikonga ndi 162.12 pamene allicin ndi 162.02. Koma alpha-pinene ndi 3-carene amalemera 136 onse, ndendende, ngakhale muwerenge manambala angati pambuyo pa kadontho. Anapangidwa ndi maatomu omwewo, kungoti analumikizidwa mosiyana, ngati nyumba ziwiri za njerwa zofanana chiwerengero koma mapulani osiyana. Ndipo limonene, fungo la khungu la lalanje ndi mandimu, nayenso ndi 136. Mwana amene wasenda nachesi ali pamzere wa chipatala angaonetse nambala yomweyo. Ofufuza a ku St. Louis anatha kuzisiyanitsa chifukwa anagwiritsa ntchito njira yakale ija ya kapaipi katali.

Pali zovuta zinanso. Mpweya wa munthu ndi wonyowa, ndipo chinyezi chikasintha, zotsatira za plasma zimasintha nacho. Zinthu zikachuluka pamodzi zimalimbirana mphamvu ya magetsi, moti chochuluka chimatha kuphimba chochepa chimene mukuchifunacho. Plasma yeniyeniyo nthawi zina imaswa tizidutswa kapena kutiwonjezera oxygen, n'kuonetsa chinthu chimene panalibe. Makina abwino mtengo wake ungamange nyumba zingapo, amafuna magetsi osazimazima, ndipo helium ndi wodula. Akatswiri akuyesetsa kuwachepetsa kuti azinyamulika, ndiponso kugwiritsa ntchito nitrogen kapena mpweya wamba. Koma ana 35 ndi ochepa, ndipo 83 pa 100 akutanthauza kuti mwa ana 6 alionse mmodzi wapatsidwa yankho lolakwika. Mwana akatentha thupi, kadontho ka magazi a pachala ndiko kodalirikabe.

Ndakhalitsa pa malirewa dala. Masiku ano kukuyenda anthu onyamula laputopu ndi kachitsulo kogwira m'manja, amene amati makina awo amaona matenda onse a m'thupi m'mphindi imodzi: chiwindi, impso, mafupa, ubongo. Pepala likatuluka ndi mndandanda wautali wa matenda, mankhwala ake amakhala ali m'chikwama cha yemweyo. Ena amafika mpaka pabwalo la tchalitchi ndi kumisasa, atavala mawu a uthenga wa zaumoyo. Taganizani: mayunivesite okhala ndi makina a ndalama zochuluka akulimbanabe ndi kusiyanitsa fungo la malungo ndi la nachesi, nanga kachitsulo ka m'manja kangaone bwanji impso zanu? Akulu a mpingo ndi atsogoleri a zaumoyo asapereke holo kapena mphindi za zolengeza kwa anthu oterowo. Amene amavulala ndi mayi amene amasiya mankhwala ake a BP chifukwa kompyuta yanena kuti vuto ndi poizoni wa m'matumbo.

Mpweya wa m'nyumba mwathu

Kumene makina a mtunduwu athandiza kale, popanda kukayikira, ndi poyeza mpweya wa m'nyumba. Pali wachibale wa DART wotchedwa PTR-MS, wopangidwa ku Innsbruck m'dziko la Austria m'zaka za m'ma 1990, yemwe amapanga mphamvu yake ya magetsi ndi plasma ya nthunzi ya madzi ndipo amayeza mpweya mosalekeza. Ofufuza a pa yunivesite ya Yale ndi anzawo a ku Germany anaika makina otere pa potulukira mpweya wa holo ya kanema ku Mainz, holo imene munali musanasutidwe fodya kwa zaka 15. Anthu akangolowa, manambala a mankhwala a mufodya, kuphatikizapo benzene, ankakwera. Panalibe amene anayatsa ndudu. Utsi unabwera m'zovala, m'tsitsi, pakhungu ndi m'mapapo a osuta amene anasutira kunja. Lipoti lawo la mu 2020 linati mankhwala ena amene owonera anapuma anali ofanana ndi utsi wa ndudu pakati pa 1 ndi 10.

Ife a Adventist sitisuta, ndipo ambirife holo ya kanema sitiidziwa m'kati. Koma m'mabanja ambiri muli bambo, malume kapena mnyamata amene amasutira kuseri kwa nyumba, kenako n'kudzanyamula khanda. Kusutira panja n'kwabwinoko kusiyana ndi kusutira m'nyumba, koma jekete lomwelo likafika pamphuno ya mwana, fodya wafika. Musamunyoze. Mupempheni asinthe malaya ndi kusamba m'manja, ndipo mumuthandize kusiya.

Bungwe loona za chilengedwe la boma la America linapeza kalekale kuti ma VOC ambiri amakhala ochuluka kawiri mpaka kasanu m'nyumba kuposa panja. Kwa ife, tsiku limene mpweya wa m'nyumba umalemedwa kwambiri mwina ndi Lachisanu, tsiku lokonzekera. Pansi papakidwa polishi, nsapato zapolishidwa, m'chimbudzi mwathiridwa mankhwala, pabalaza papoperedwa zonunkhiritsa, kuchipinda mankhwala a udzudzu, ndipo dzuwa likamalowa timatseka mazenera n'kuyamba nyimbo zotsegulira Sabata, tikukoka mpweya mozama. Ukhondo ndi wabwino. Ingoyambani ntchito za fungo lamphamvu m'mawa kapena masana, zitseko ndi mazenera zili zotsegula, kuti pofika madzulo zikhale zitauluka. Ndipo Jik musamusakanize ndi mankhwala ena alionse otsukira, ngakhale viniga, chifukwa pamatuluka mpweya wowotcha mapapo.

Zonunkhiritsa za m'chitini sizichotsa fungo loipa, zimangowonjezera tizidutswa tina pamwamba pake. Palinso timakina togulitsidwa m'masitolo tolembedwa kuti timayeretsa mpweya ndi plasma kapena ndi ozone. Tina mwa ito timatulutsadi ozone, yemwe amapweteka mapapo, makamaka a odwala mphumu. Ozone akakumana ndi limonene wa m'zonunkhiritsa za fungo la mandimu, chimodzi mwa zimene zimabadwa ndi formaldehyde, wolemera 30, yemwe ali pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa. Mukhoza kulipira kawiri, kugula chitini ndi kugula makina, n'kupeza mpweya woipa kuposa umene munali nawo.

Musutikesi ya zovala za pa Sabata, amayi ambiri amaikamo timipira toyera tothamangitsa njenjete ndi mphemvu. Tambiri mwa ito ndi naphthalene, wolemera 128. Timachepa pang'onopang'ono mpaka kutha, ndipo kumene tapita ndi mumpweya ndi m'nsalu. Kuno ku Africa anthu ambiri, makamaka amuna, amabadwa opereweredwa chinthu china cha m'magazi chotchedwa G6PD, ndipo ambiri sadziwa. Khanda lotero likafunditsidwa bulangete kapena kuvekedwa zovala zosungidwa ndi timipirati, maselo ofiira a magazi ake amatha kusweka, mwana n'kuchita chikasu choopsa. Zovala za khanda zisakhale pamodzi ndi timipirati, ndipo zimene munalandira kwa achibale zikumveka fungo limeneli zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka fungo litheretu. Koyilo wa udzudzu nayenso si wabwino m'chipinda chotseka: kafukufuku wa mu 2003 anapeza kuti koyilo mmodzi angatulutse formaldehyde wofanana ndi wa ndudu 51. Neti ilibe utsi.

Mayi Ellen White, polemba The Ministry of Healing mu 1905, anaika mpweya wabwino poyamba pa mndandanda wa mankhwala achilengedwe asanu ndi atatu, ndipo ankalimbikira zoti zipinda zogona zizilowa mpweya ndi dzuwa. Analemba zimenezi Thomson asanayeze n'atomu imodzi yomwe. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, makamaka utsi wa nkhuni, makala ndi palafini. Ambiri amene amaupuma tsiku ndi tsiku ndi amayi ophika ndi ana amene ali kumbuyo kwawo. Khitchini yokhala ndi mazenera awiri oyang'anizana, nkhuni zouma bwino, chitetezo mbaula, ndi kumusiya mwana ndi mkulu wake panja pamene moto ukukolezedwa, zonsezi zimachepetsa utsi umene ukulowa m'mapapo.

Akuluakulu anati mphuno salota, ndipo pali mpweya umodzi umene umatsimikiza mawuwa. Carbon monoxide alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa. Sali m'gulu la ma VOC, ndipo ngakhale makina amene takambiranawa, pa kayezedwe kawo ka masiku onse, samuona, chifukwa salandira mphamvu ya magetsi kuchokera ku chinyezi monga amachitira acetone ndi benzene. Amafuna chipangizo chakechake. Amatuluka m'makala oyaka, ndipo makala ofiira bwino, amene utsi watha ndipo tikuti tsopano akhoza kulowa m'nyumba, amamutulutsabe. Jenereta yoyatsidwa m'khonde lotseka kapena m'chipinda imachita chimodzimodzi. Akalowa m'mapapo amakakamira magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200.

M'miyezi ya June ndi July, mbaula ituluke panja aliyense asanagone, ngakhale yatsala ndi makala awiri okha. Anthu angapo m'nyumba imodzi akayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi, n'kumapeza bwino akatuluka panja, ganizirani za mpweya umenewu musanaganizire za ndiwo zimene munadya. Mukapeza munthu atakomoka m'chipinda chimene muli mbaula, tsegulani chitseko ndi mazenera, mutulutsireni panja, musamumwetse mkaka kapena china chilichonse, ndipo thamangirani naye kuchipatala kumene angamupatse oxygen. Apite ngakhale atatsitsimuka, makamaka ngati ndi mayi woyembekezera, chifukwa magazi a mwana wa m'mimba amasunga mpweyawu nthawi yaitali kuposa a mayi wake.